Chidulo cha alamu anga

Izi sindinachite kumva pachitsime ayi, zinachitika m'nyumba mwanga momwe kuno kwa Nsaru, ndipo wokayika abwere adzaone amuna anga akupalira mtedza, munthu amene abale anali atayamba kale kunong'onezana za maliro ake.

Chaka chimenecho, fodya ali m'zigafa, bambowa anayamba kutupa miyendo ndi kupuma mwabefu ngakhale pongopita kukhola. Kuchipatala chachikulu cha m'tauni dokotala wa mtima anati mtima wawo wafooka, anawapatsa mapiritsi n'kulamula kuti mchere tichepetse. Mawu oti mchere amenewo ndiwo anandiputira mavuto. Inu mukudziwa kwathu kuno, mwamuna akatupa amati wasemphedwa, ndiye kuti mkazi wake wayenda ndi wina n'kudzathira mchere m'ndiwo. Alamu anga, achemwali awo a bambowa, atamva anawomba m'manja, akuti ngakhale adokotala aona kuti vuto ndi mchere wa mkaziyu. Ine, wa zidzukulu kale, chibwenzi ndikachitole kuti?

Anandilanda mthiko, nayamba kuphikira mlongo wawo okha. Poti ndiwo zopanda mchere sizimezeka, ankatcheza chidulo cha phulusa la masangwi a mtedza n'kumathira paliponse, mu therere, mu chigwada, mu nyemba momwe, ati chidulo si mchere.

M'mawa wina bambowa anadandaula kuti miyendo yalefuka ndipo milomo ikuchita dzanzi, kenako anangoti khu pakhonde. Nditaika khutu pachifuwa, mtima unkagunda kamodzi n'kukhala chete nthawi yaitali, ine n'kumadikira ngati ugundanso. Mantha amenewo sindidzawaiwala.

Titafika m'tauni, dokotala wa mtima uja anayang'ana zimene makina analemba, ndipo sanathamangire kuwonjezera mankhwala, anaitanitsa mnzake woona za impso, mayi wamfupi wolankhula mofatsa. Atayeza magazi anaima awiriwo pambali pa bedi kukambirana. Wa mtima ankati piritsi lina likuteteza mtima, wa impso n'kumati impso zatopa, zikulephera kutaya mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndipo piritsi lomwelo likuusunga m'thupi, ukachuluka umaimitsa mtima. Koma onse anadabwa kuti wochuluka chonchi wachokera kuti, choncho anafunsa zimene odwala amadya. Alamu anga, amene tinapita nawo limodzi, anayankha monyadira kuti mchere wa mkazi sulowanso m'kamwa mwawo, amangodya za chidulo basi. Madokotala anayang'anizana. Wa impso anafotokoza modekha kuti phulusa ladzaza ndi mchere wa potaziyamu womwewo.

Bambowa anawaika madiripi ndi mankhwala otsitsa mcherewo, anagwirizana zosintha mapiritsi, ndipo mpaka lero wina sasintha kanthu asanafunse mnzake.

Ine tsopano ndimakhulupirira kuti mtima ndi impso zili ngati ng'ombe ziwiri zokoka ngolo imodzi, ndipo dokotala wa mtima uja akanati amadziwa zonse yekha, bwenzi ndili wamasiye, mudzi wonse ukundiloza chala. Ndiye anzanga, wanu akatupa musathamangire kuzenga mlandu mkazi wake, ndipo adokotala muziwauza chilichonse cholowa mumphika, ngakhale madzi a phulusa. Alamu anga sanapepese ndi pakamwa, koma tsiku limene tinabwerera kumudzi anagwada pakhomo la khitchini n'kundipatsira mthiko wanga ndi manja awiri.