Tebulo Limodzi ndi Apongozi

Mwana wathu woyamba, wamkazi, atasankhidwa kupita ku koleji ku Blantyre, malo ogona pasukulupo anali atadzaza. Nyumba imene akanakhalako inali imodzi yokha, ya amalume ake, achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga. Koma ine ndi alamu angawo tinali titatha zaka zitatu osapatsana moni. Ndinawalalatira pamaliro ku Kanduku, pagulu, chifukwa anafika mochedwa n'kuyamba kulamula adzukulu ngati ali ku ofesi kwawo. Mpaka lero ndimati sindinalakwe. Koma mwana ankafunika pogona.

Alamuwo anatiitana kuti tikakhale kwawo Loweruka ndi Lamlungu, tikakambirane. Tili mu minibasi, tisanafike n'komwe pa Zalewa, mayi a kunyumba anandiuza kuti ndikangokweza mawu kamodzi, mwanayo atsala ku Mwanza azigulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, ndipo chifukwa chake ndidzamufotokozera ndekha.

Ndinkaganiza kuti tikhala pabalaza, tikambirana, nkhani itha. Titangotula zikwama, alamu anatikweza galimoto, ati nkhani za banja sakambirana ndi njala. Loweruka lonse linathera m'misewu. Tinadya mpunga wa nyama ya mbuzi kwina, tinakamwa zoziziritsa kukhosi kwina kumene mnyamata wa gitala ankaimba ngati waponda minga, kenako kwinanso kumene anthu amavina dzuwa likuswa mtengo. Paliponse alamu anali ndi anzawo, ndipo paliponse ankandionetsa kuti awa ndi aja a ku Mwanza ndinkakuuzani aja. Ndikati ndiyambe ya mwana, ankagwedeza dzanja, ati mawa.

Mawa lakelo, titaweruka kutchalitchi, tinapita pamalo ena a kapinga, matebulo ali pansi pa mitengo, bandi ikukonza zingwe. Apa m'pamene ndinaona kuti alamu atumiza akazi awo kukatenga apongozi anga aakazi, amene nthawiyo ankakhala ku Blantyre komweko chifukwa cha chipatala. Anawakhazika patebulo lathu, moyang'anizana ndi ine.

Chikwatirireni zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndinali ndisanadyepo pamaso pa mayi amenewa. Kwathu tikakumana pakanjira, iwo amapatuka, ine ndimapatuka, moni timapatsana chapatali maso ali kumbali. Alamu amazidziwa izi. Anakulira momwemo.

Inabwera nkhuku yowotcha ndi chipisi. Ndinaika manja pamaondo. Apongozi nawo anangoti ndwii kuyang'ana nsalu yapatebulo. Njala inali itandigwira, fungo likundilowa m'mphuno, koma dzanja linakana.

"Alamu, nkhukuyo inafa kale, siikujomphani," anatero alamu angawo. "Kuno ndi ku tauni, za kumudzi munazisiya pa Zalewa."

Mawu anandifika pakhosi, onse, okonzeka bwino. Mayi a kunyumba anandiponda phazi ndi chidendene cha nsapato yawo ya kutchalitchi, osachotsa. Ndinaganiza zonyamuka. Ndikanapita kuti? Njira ya ku depoti sindinkaidziwa, chikwama chinali kunyumba kwa munthu yemweyo, ndipo mpanda unali ndi chipata chimodzi, kuseri kwa mpando wake.

Apongozi ndi amene anandiombola pang'ono. Ananyamula mpando wawo n'kuutembenuza, nanena kuti maso awo ndi okalamba, akufuna aone bwino oimbawo. Mbale anaiika pamiyendo, msana kwa ine. Ndinadya mofulumira ngati wakuba, osamva n'kukoma komwe.

Ndisanasambe m'manja, ng'oma zinasiya. Woimba wa bandiyo anawerenga kapepala, nalengeza kuti pakati pathu pali mkamwini wolemekezeka wochokera ku Mwanza, abwere kutsogolo atsegule bwalo. Anthu anaomba m'manja, akutembenuka kufunafuna. Alamu anali ataimika kale foni m'mwamba kuti ajambule. Ndipo kutsogolo kumeneko n'komwe apongozi anali atangolozetsa mpando wawo.

Ndinayang'ana mayi a kunyumba. Anangochotsa chidendene chija.

Ndinapita. Ndinavina, munthu wa imvi, nditavala jekete, mafuta a nkhuku ali m'zala. Amayi awiri osawadziwa anandizungulira akululutira. Nyimboyo siinkatha, ikati ikutha woimba amaibwezanso. Apongozi anafunda chitenje kumutu n'kuwerama, ndipo sanadzutse nkhope mpaka ndinakhala pansi. Manyazi anali a tonse awiri, koma iwo sanalakwire munthu.

Pobwerera m'galimoto, alamu akupukuta misozi ya kuseka, anati mwana abwere Lachitatu. Chipinda anali atachikonza kale mwezi wathawo, bedi ndi tebulo lowerengera zili momwemo. Anawonjezera kuti teremu iliyonse tizimuperekeza tokha, tizidzachezanso chonchi, poti aona kuti ndimakonda nyimbo.

"Zikomo kwambiri, alamu," ndinatero.

Sukuluyo ndi ya zaka zinayi.

Madzulo mu minibasi ya ku Mwanza, kondakitala anandipempha mwaulemu kuti ndisunthe pang'ono akhale mayi wina wa dengu. Ndinamukalipira kuchokera pa Lirangwe mpaka tinawoloka Shire. Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa, osadziwa chimene walakwa. Mayi a kunyumba ankayang'ana panja pawindo, ndipo ulendo uno sanandiponde.