Ndinati Ndi Bodza Ndisanatsegule N'komwe

Ku Chawama amanditcha ba Injiniya chifukwa ndimakonza mafoni pamsika, ndipo dzinali linandilowa m'mutu. Pagulu lathu la pafoni, nkhani iliyonse, ya ndale kaya ya makina, imadikira ine kuti ndiigamule.

Tsiku lina wina anatumiza nkhani yoti foni ikhoza kuwerenga pepala mokweza ukangolijambula. Sindinaitsegule. Ndinangolemba kuti, "Ni bodza iyo, vopanga chabe." Gulu lonse linavomera.

Aneba anga, ba Phiri, maso awo anafa kalekale. Mwana wawo Tisa ataona zomwe ndinalembazo, anasiya zoyesa kuti foni iwawerengere bambo akewo. Patapita miyezi, Lamlungu lina masana, anandiitana. Patebulo panali kalata yakale, ya zilembo zomwe Tisa sankatha kuwerenga, yomwe malemu amayi ake analembera ba Phiri ali kumigodi. Tisa anaijambula, foni n'kuyamba kulankhula. Chinyanja chake chinali chopindika ngati cha wansembe wachizungu, koma mawu ankamveka: za chimanga, za mwana wodwala, za kuwasowa. Mkuluyo anaika dzanja pafoni ngati wagwira munthu.

"Ba Injiniya, simunakambe ati ni bodza?" anafunsa Tisa.

"Iyi ni yatsopano, yabwela manje manje," ndinanama osaphethira.

Ndisanafike pakhomo panga ndinali nditafufuta kale uthenga wanga uja. Koma miyezi imene ba Phiri anakhala osamva mawu a akazi awo, sindinapeze pofufutira.