Overton Anasefa Akazi Onse a ku Rumphi

Overton Harawa, kalaliki wa mpingo wathu pa Rumphi Boma, ndi munthu wa tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ntchito yake ndi kusunga mayina a akhristu pa kompyuta, ndipo kompyutayo amaikhulupirira kuposa abusa. Ndimaimba naye kwaya, choncho uchitsiru wake ndinauonera pafupi.

Imvi zitayamba, mayi ake anamutopetsa ndi nkhani ya mpongozi. Overton anati mkazi amufunsa kwa kompyuta. Anailamula kuti ionetse akazi okhaokha, osakwatiwa, a sukulu, osaphonya mapemphero. M'kati mwa funso limenelo anaikamo kafunso kena kotolera ziwongo za abale ake onse, kuti mkazi wa chiwongo chopezeka mmenemo achotsedwe, poti wachibale sakwatirika.

Sipanatuluke dzina ngakhale limodzi. Wina akanadabwa, koma Overton anasangalala. Ankayenda mumsika akulengeza kuti Rumphi yonse ilibe mkazi womuyenera.

Nthawi yonseyi Muriel Msiska, namwino wa mawu okoma m'kwaya mwathu, ankamubweretsera nthochi ku ofesi.

"Ba Overton, kodi maso anuwa amaona?" anamufunsa tsiku lina.

"Yewo chomene nthochizi, NyaMsiska. Koma pa kompyuta simunatuluke."

Zinandipsetsa mtima kwambiri. Muriel anadikira mpaka kutopa. Kenaka kunabwera Joel, mphunzitsi wa ku Ntcheu, yemwe anamufunsira ndi pakamwa ngati anthu ena onse.

Sabata ya ukwati wa Muriel ndi Joel, azakhali ena a Overton anamwalira. Polemba za imfayo anapeza kuti malo a chiwongo chawo anawasiya opanda kanthu, iye mwini, kalekale. Apa ndipo panali vuto. Kompyuta, posadziwa chiwongo cha azakhaliwo, sikanatsimikiza kuti mkazi aliyense si wachibale, ndiye inkangowataya onse.

Overton anadzaza malowo n'kufunsanso funso lake lija. Panatuluka dzina limodzi: Muriel Msiska.

Loweruka anaimba nafe pa ukwati, tayi ili pambali. Lolemba abusa anamuuza kuti akonze mayina a okwatirana. Ndi zala zake zomwe anafufuta "wosakwatiwa" pa dzina la Muriel. Ndinamumvera chisoni, sindinama. Anafunsanso kompyuta, ndipo sipanatuluke aliyense. Ulendo uno kompyutayo sinalakwitse.