Antena ya Agogo pa Bulugamu

Agogo anga aamuna ndikawakumbukira, m'makutu mwanga mumabwerera kulira kwa shiii kwa katelevizau kathu ku Ntengo-Wambalame, limodzi ndi fungo la bateriya yotentha ndi utsi wa zitsononkho wochokera kukhitchini. Antena anaimangirira pansonga ya bulugamu, ndipo mphepo ya kumapiri kwathu inkaitembenuza mmene yafunira. Lero tigwire za ku Malawi, mawa za ku Maputo, koma masiku ambiri tinkangoonera mpunga wokhawokha.

Ana tinkaseka nazo, koma agogo ayi. Tsiku limene nkhondo inawathamangitsira ku Malawi, wailesi yawo ndiyo inayamba kuti zii. Chiyambire pamenepo, nkhani zikaduka iwo ankati akuluakulu akubisa kanthu.

Chaka china, mphekesera za mfuti zitayambanso kumveka cha ku Macanga, tinkaonera nkhani zamadzulo. Mkulu wina wowerenga nkhani atangoti "A situação em Tete", kutanthauza mmene zinthu zilili ku Tete, chithunzi chinazima. Agogo anadzambatuka.

"Mangani mabulangete. Tiwoloka malire lero lomwe."

"Bambo, kachewere yense uja timusiye m'munda?" anafunsa amayi. "Si mawa tikumba? Tikadya chiyani uko?"

"Ulendo uja ndinadikira mbewu, mng'ono wako ndinamukwirira panjira. Manga, mwanawe."

Amayi anayamba kumanga mabulangete. Ine mantha anandigwira moti mfundo ya mtolo inkandikanika, ndipo maso anga sankachoka pa Rozita, khanda lathu, poganiza za njira ija. Mwadzidzidzi amayi anathamangira kwa aphunzitsi oyandikana nafe, amene tinkawatchula kuti a prosori; iwo anali ndi parabolika, antena yonga chimbale, ndi kabo, waya wolowa m'nyumba. Anabwerako ali wefuwefu.

"Kwa a prosori ikuonetsa! Akunena za mvula yaononga misewu basi!"

Agogo sanakhulupirire za m'kamwa mwa munthu. Anapita okha, n'kuonera chiimire mpaka nkhani zinatha. Pobwera anakhala pamtolo, ndipo sanalole kuti timasule mpaka kachewere atakumbidwa yense. Ndinawamvera chisoni kwambiri, munthu wamkulu ngati uja kuzunzika ndi mphepo chabe.

Lero ndimakhala mumzinda wa Tete, ndipo m'nyumba mwanga antena sindiifuna n'komwe, ndimadalira kabo. Amuna anga amandiseka kuti ndine mdzukulu wa agogo weniweni. Aseke. Chithunzi chikangoduka pakati pa nkhani, ndimapezeka ndaima kale pakhomo, ndikuitana ana anga mmodzimmodzi.