A Ackim ndi Nyama Yochapa Pamwala

A Ackim, amene lero amakhala kutsogolo m'tchalitchi ngati sanalakwepo, anafika ku Rockville, ku America, mu 1994 ndi jekete yobwereka. Anapeza ntchito yosamalira nkhalamba ya Chigiriki, a Stavro, amene miyendo inali itawakana koma pakamwa ayi.

Tsiku ndi tsiku a Stavro ankasimba za kwawo: kagombe kobisika pakati pa matanthwe, kofikako pa bwato basi, madzi oti ukaponya singano umaiona pansi, mbuzi zikudya m'mphepete mwa phompho. A Ackim anamva mpaka anayamba kutisimbira ife ngati mchombo wawo unakwiriridwa komweko.

Kenaka nkhalamba ija inaleka kudya. Mwana wawo wamkazi anati zikapitirira, bambo apita kunyumba ya okalamba. A Ackim anaona ntchito ikupita limodzi.

"Agogo, mukufuna chiyani?"

"Okutopasi, nyama ya m'nyanja," anatero a Stavro. "Koma mwa kwathu. Ummenye pamwala mpaka afewe, umuyanike padzuwa, ndiye umuotche."

A Ackim anakagula kumsika wa nsomba. Atamasula phukusi anabwerera m'mbuyo: miyendo eyiti, mutu ngati thumba, mafupa zii. Munthu wa ku Dedza, woti ngakhale nkhanu sadya! Anaimbira foni akazi awo, a Lenifa.

"Mayi a Chiso, zomenya pamwalazi si kuchapa? Ndi ntchito yanutu."

"Chapani nokha mfiti yanuyo," anayankha a Lenifa, n'kudula.

Basi, anapinda malaya. Phwa! Phwa! pa sitepe ya kuseri, a Stavro akulamulira pawindo. Atatha anayanika chinyamacho pachingwe, pakati pa mashiti.

Apo n'kuti a Fryson, mkulu wa mpingo, akulowa kudzaona a Ackim. Anayang'ana pachingwe, Baibulo n'kugwa.

"Achimwene! Mpaka ku America kuno mwabwera nazo zithumwa?"

Asanayankhidwe anagwada pa kapinga n'kuyamba kutulutsa ziwanda. A Stavro anaseka mpaka mano oikirira anagwera pamiyendo, ndipo kusekako kunawabwezera chilakolako cha chakudya. Nyama itapsa, yothira mafuta a olivi ndi ndimu, anadya miyendo iwiri. Wachitatu anakankhira a Ackim.

"Kwathu womenya amadya nawo. Ukakana, inenso ndasiya."

A Ackim anayang'ana mwendo, anayang'ana ntchito, n'kutsinzina. Anameza osatafuna.

Nkhalamba sinapitenso kunyumba ya okalamba. Koma Lachisanu lililonse kunkamveka phwa! phwa! kuseri, ndipo a Fryson ankafika nthawi yomweyo, ati kudzapempherera nyumba, atanyamula ndimu m'thumba.