Mzungu wa amayi wa pakhoma la tchalitchi

Amayi anga anakwatiwa kawiri. Koyamba ndi bambo athu, amene anaikidwa kumudzi ku Katete. Kachiwiri ndi mzungu wakufa kalekale, wokhomedwa pakhoma la tchalitchi chathu kuno ku Livingstone.

Tchalitchicho anamanga Angerezi, ndipo anamanga ngati akuopa chisanu: makoma ochindikala, mawindo aatali opyapyala a magalasi amitundu, mabenchi olemera oti amuna awiri amatuluka nawo thukuta. Pafupi ndi khomo pali mwala wobatizirapo wonga mtondo. Ndiye m'makoma monsemo muli zikwangwani zamkuwa, chilichonse ndi dzina la munthu wakufa. Abale awo anabwerera kwawo, akufawo n'kutsala ndi ife.

Azimayi okonza m'tchalitchi Loweruka anagawana zikwangwanizo, aliyense chake. Mukudziwa pakamwa pa azimayi akagwira tsache. Posakhalitsa zinasanduka maukwati. "Amuna anu lero sanasambe," ankanenana choncho, nsalu ili m'manja. Amayi anagwera mnyamata wina amene anafa ndi malungo asanamere ndevu zokwanira. Chake chinali chaching'ono, kuseri kwa chipilala, poti ukakhalapo, wansembe sakuona ukamawodzera.

Mnzawo wopikisana naye anali mayi wina wa Chilozi wa ku komboni ya Nottie Broadie, amene anapatsidwa msilikali wa chikwangwani chachikulu, cha chithunzi cha lupanga. Mayiyo ankapukuta ndi polishi wa m'sitolo. Amayi ankaseka chonyoza. Awo anali phulusa la pambaula ndi mandimu a mumsika wa Maramba, ndipo ankakwecha ngati poto wopserera, lilime lili panja. Mnyamatayo ankawala zedi, moti atsikana a kwaya ankakonzerapo mipango yawo. Koma chaka ndi chaka zilembo zinkafufutika. Tonse tinkaona, palibe ankanena. Ndani akanayamba? Amayi anga akakwiya, ngakhale minibasi imaima pamalo posaimira.

Loweruka lina ndili nawo komweko, ndikukolopa, kunalowa wansembe ndi gogo wina wachizungu wa chipewa chachikulu. Anabwera kudzaona mathithi, koma ankafunanso dzina la mchimwene wa agogo ake. Anayenda khoma lonse akuwerenga. Atafika kuseri kwa chipilala anaima. Anavala magalasi, anavula, anavalanso. Chimene ankaona ndi nkhope yake yomwe.

"Wachita izi ndani?" wansembe anatifunsa, mawu ali pansipansi.

Mayi wa ku Nottie Broadie anangotulutsa mlomo, kuulozetsa kwa amayi.

Ndinadziwa kuti awalanda chikwangwanicho. Amayi anapukuta manja pachitenje n'kundikoka kuti ndimasulire.

"Uwauze kuti ndine. Munthuyu anali yekhayekha, wobiriwira ngati ndiwo zovunda. Abale ake anali kuti? Manda a bambo ako ali kutali, sindingawasese. Uyu ndiye ndinali naye pafupi."

Ndinamasulira, koma za ndiwo zovunda ndinazimeza. Gogoyo anapapasa mkuwawo ndi chala, misozi ili chuchuchu, kenako anawakumbatira amayi mwamphamvu mpaka mpango unagwa. Amayi anandinong'oneza pamwamba pa phewa lake: "Mlamu wanji wobwera chimanjamanja, osanyamula ngakhale shuga?" Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke m'nyumba ya Mulungu.

Tinaganiza kuti tapulumuka. Ayi ndithu! Gogoyo, mwa ubwino wake, anapempha kutenga chakalecho kupita nacho kwawo, ndipo patapita miyezi anatumiza chatsopano. Chokongola, zilembo zakuda bii, chopakidwa mankhwala oti sichichita dzimbiri. Wansembe analengeza m'tchalitchi mosangalala kuti ichi sichifuna kupukuta, ndipo anabwereza akuyang'ana kumene kunakhala amayi: phulusa ayi, mandimu ayi, ngakhale nsalu yonyowa ayi.

Loweruka lotsatira amayi sanapite. Masana ndinangomva nyimbo ya maliro ikubwera m'kanjira kathu, anthu a ku Maramba akusuzumira m'mipanda. Anali azimayi a tsache aja, mipango yakuda kumutu, patsogolo mayi wa ku Nottie Broadie atasenza kabichi mmodzi. Anavula nsapato pakhomo, anakhala pansi miyendo tambalale, nkhope zili gwa.

"Pepani ba mayi," anatero wotsogolerayo. "Tamva kuti achibale amutenga. Limbani mtima. Msilikali wanga ni wamkulu, tingagawane."

Nyumba yonse inaphulika. Amayi anaseka kuposa onse, akumenya ntchafu, akuwatukwana kuti ndi mfiti zopanda ntchito. Ine ndinapita kukaika madzi a tiyi. Pobwerera ndinapeza phee. Amayi anali atakwirira nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo sikunali kuseka. Ankatchula dzina la bambo athu, limene sindinalimve pakamwa pawo chiikireni maliro.

Mayi wa ku Nottie Broadie anasendera pafupi, nawagwira dzanja. Kenako anayambanso nyimbo ija, pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno palibe anaseka.