Nkhata ya Alamu Anga

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi pasiwa. Amayi a mvano anali atasasa mawu ndi nyimbo. Kunja mwera unkakankhira utsi m'maso mwa ophika.

Tinkaika mng'ono wanga Esinati. Anadwala lupasi zaka zinayi, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake. Mankhwala ake anafooketsa chitetezocho, ndipo ali m'chipatala fangasi, chinthu chonga chuku, analowa m'mapapo mpaka kumutu. Gadiyani ndinali ine, ndinaona zonse.

Koma kwathu ku Lifuwu munthu akaonda chotero, aliyense amasanduka dokotala. Ankati mwamuna wake, mkamwini wogula usipa ku Chipoka, ndiye anamupatsa Edzi. Amalume anali atagamula kale: alamuwo asaike nkhata, ndipo maliro akatha azipita kwawo, ana atsale.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza mpaka m'mphepete mwa minda ya mpunga. Alamu anakhala okha pansi pa mtengo wa mango, palibe anawayandikira. Nthawi yofotokoza matenda itakwana, amalume anati, "Wadwala nthawi yaitali. Kumene zinachokera enanu mukukudziwa."

Mtima wanga unawira. Pamwambo wotere mkazi salankhula asanapatsidwe mpata, koma ndinaimirira.

"Pepani amalume, kuchipatala kunali ine. Anawayeza onse awiri, kawiri, alibe. Bambo awa ndi amene ankamutembenuza pabedi pamene enafe tinkatseka mphuno."

Abusa anayambitsa nyimbo msangamsanga, bokosi linanyamulidwa.

Kumanda mchenga unkagumukira m'dzenje, adzukulu akufulumira. Woitana nkhata anatchula makolo, ana, mpingo, mwamuna anamudumpha. Atanditchula ine ndinadutsa pakati pa anthu, maso onse ali pa ine, n'kuika nkhata yanga m'manja mwa alamu. Anagwada pamtumbira, analira ngati mwana. Inenso ndinalira, theka chisoni theka ukali.

Madzulo anthu anabalalika. Amalume anachoka osanditsanzika, ndipo ndikudziwa kuti mlandu wanga ukubwera. M'nyumba munatsala mikeka yopindidwa ndi fungo la utsi. Alamu anaima pakhomo ngati mlendo.

"Alamu, ndiyambe kumanga katundu?" anandifunsa.

"Katundu wanji? Tengani beseni, anawa sanasambe chidzulo."